Ndani Amayesa Cikepe Ife Tisanakwere?

Phunziro lathu la lero likunena za cikepe, cimene ambiri a m'tauni amacicha lifiti. Cikepe ndi kacipinda ka zitsulo kamene kamanyamula anthu kapena katundu kucoka pansi kumka pamwamba m'nyumba zosanja, ndi kuwatsitsanso. Inu a mu Lusaka mumaidziwa nyumba ya Findeco House pa mseu wa Cairo Road, imene iri ndi nsanja 23. Munthu wogwira nchito pamwamba pa nyumba yotere sangathe kukwera ndi miyendo m'mawa uliwonse, ndipo wodwala amene wagona pa macira m'cipatala cacikulu sangakwezedwe bwino pa masitepe. Inu a ku Copperbelt mumadziwa kuti atate ndi amalume anu amatsikira mumgodi m'cikepe. Inu a ku Katete, Chadiza kapena Petauke mwina simunakwerepo, koma tsiku lanu likudza.

Munthu akalowa m'cikepe ndipo citseko catsekeka, moyo wace waupereka kwa zingwe ndi zitsulo zimene iye sakuziona. Pansi pa mapazi ace pali dzenje lakuya. Nanga adziwa bwanji kuti zingwezo sizinathe? Iye payekha sangadziwe. Pali anthu ena amene nchito yao ndiyo kumdziwira zimenezi, ndipo lero tiona cimene iwo amayang'ana, mmene amayesera, ndi cifukwa cace.

Mmene cikepe cimayendera

Taganizani za citsime cimene ciri ndi gudumu pamwamba pace. Pa gudumupo pakolekedwa cingwe, ndipo kumapeto konse kuwiri kwa cingweco kwamangidwa ndowa. Ndowa imodzi ikamatsika, inzace imakwera. Ngati ndowa ziwirizo zikulemera pafupifupi mofanana, ngakhale mwana angathe kuzikoka popanda kutuluka thukuta.

Zikepe zambiri za m'nyumba zitalizitali zimayenda motero. Pamwamba pali gudumu lacitsulo limene liri ndi tingalande mmene zingwe za waya zimagonamo. Mbali imodzi ya zingwe yanyamula kacipinda ka anthu, mbali inayo yanyamula mulu wa zitsulo zolemera. Kulemera kwa mulu umenewu kumakhala kulemera kwa kacipinda kopanda munthu, kuonjezapo pafupifupi theka la katundu amene cikepe cimaloledwa kunyamula. Motero mota ya magetsi imene imazunguza gudumu sibvutika kwambiri. Kacipinda ndi mulu wa zitsulo, zonse ziwiri zimatsata njanji zoimirira zomangidwa kukhoma, kuti zisagwedezeke kapena kugundana.

Zingwe za waya zinayambira mumgodi. Mu 1834 Wilhelm Albert, mkulu wa migodi ya ku Clausthal m'dziko la Germany, anapota mawaya ambiri pamodzi kuti alowe m'malo mwa maunyolo amene anali kudukaduka. Unyolo umaduka mwadzidzidzi, pakuti mphete imodzi ikathyoka zonse zatha. Cingwe ca waya cimayamba cacenjeza: timawaya timaduka kamodzikamodzi, ndipo munthu wa maso akuthwa angathe kutiona cingwe conse cisanaduke. Kumbukirani mfundo imeneyi, cifukwa nchito yonse ya kuyendera zikepe yatsamira pa kuona cenjezo nthawi ikalipo.

Munthu amene analamula kuti cingwe cidulidwe

Kale anthu anali kuopa kukwera m'zikepe, ndipo mantha ao anali oyenera. Cingwe cikaduka panalibe cogwira. Elisha Otis, mmisiri wa ku America amene anabadwa mu 1811, anapanga cipangizo cogwira kacipinda pamene cingwe caduka. Cinali citsulo conyutuka cimene cingwe cinali kucikoka nthawi zonse. Cingwe cikangoleka kukoka, citsuloco cinali kuongoka ndi kukankhira zokowera m'mano a njanji, ndipo kacipinda kanali kuima pomwepo.

Mu 1854, pa cionetsero cacikulu ca ku Crystal Palace mumzinda wa New York, Otis anaima pa thandala lokwezedwa m'mwamba pamaso pa khamu la anthu, nalamula kuti cingwe cidulidwe. Thandala linatsika pang'ono cabe, kenaka linagwidwa, ndipo iye anatsika wamoyo. Pa 23 March 1857 cikepe cace coyamba conyamula anthu cinayamba nchito m'sitolo ya E. V. Haughwout mumzinda womwewo. Cinali kuyendetsedwa ndi nthunzi. Cikepe ca magetsi cinaonetsedwa ndi Werner von Siemens ku Mannheim, ku Germany, mu 1880.

Onani cimene Otis anacita. Anthu sanamkhulupirire cifukwa ca mau ace, koma cifukwa anaona cipangizo cikugwira nchito pa nthawi ya ngozi yeniyeni. Oyendera zikepe a lero amacita cimodzimodzi, kusiyana kwace nkwakuti m'malo mwa munthu amaikamo zitsulo.

Alonda a cikepe

Cikepe ca masiku ano ciri ndi alonda angapo, ndipo anaikidwa mwakuti mmodzi akalephera, mnzace agwire.

Mlonda woyamba ndi kuculuka kwa zingwe. Cikepe conyamula anthu sicipacikidwa pa cingwe cimodzi. Malamulo a ku Ulaya ochedwa EN 81, amene amatsatidwanso m'maiko ambiri, amafuna kuti pamene pali zingwe zitatu kapena kuposapo, cingwe ciriconse cikhale ndi mphamvu yoposa katundu amene cimanyamula kosacepera ka 12.

Waciwiri ndi mabuleki a pa mota. Mabuleki amenewa amatsekedwa ndi masipuling'i, ndipo magetsi ndiwo amawatsegula. Tsono magetsi akazima mabuleki amadzitsekera okha, ndipo cikepe cimaima. Mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima kwa maola ambiri m'Zambia, mfundo imeneyi inali yofunika kwa aliyense wokwera cikepe. Kuzima kwa magetsi kumaimitsa cikepe, sikumacigwetsa.

Wacitatu ndi mlonda wa liwiro, amene amisiri amamucha gavana. Ndi gudumu laling'ono limene liri ndi kacingwe kacekace kolumikizidwa ku kacipinda. Cikepe cikathamanga kupyola muyeso, tizitsulo ta m'gudumulo timatayikira kunja, monga mmene mwala womangidwa pa cingwe umacitira mukauzunguza mwamphamvu. Tikatero, magetsi a mota amadulidwa ndipo kacingwe kaja kamagwidwa.

Wacinai ndiye mdzukulu wa cipangizo ca Otis. Kacingwe ka gavana kakagwidwa, kamakoka zitsulo zosongoka zimene ziri kunsi kwa kacipinda, ndipo izo zimaluma njanji mbali zonse ziwiri mpaka kacipinda kaima.

Wacisanu ndi maloko a zitseko. Cikepe siciyenera kunyamuka citseko ciri cotseguka, ndipo citseko ca pa nsanja iriyonse siciyenera kutseguka ngati kacipinda palibe. Pomalizira, pansi pa dzenje pali zofewetsa, za masipuling'i kapena za mafuta, zolandira kacipinda ngati kapitirira malo ace otsiriza.

Bvuto la alonda amenewa nlakuti ena a iwo angathe kukhala zaka zambiri osaitanidwa. Zitsulo zoluma njanji zingacite dzimbiri kapena kumatidwa ndi fumbi ndi mafuta ouma, cikepe cikuyendabe bwinobwino tsiku ndi tsiku, popanda wokwera aliyense kudziwa. Paja akulu anati tsoka silinunkha. Njira imodzi yokha yodziwira ngati mlonda ali maso ndiyo kumdzidzimutsa dala.

Nchito ya woyendera

Pali anthu awiri amene tiyenera kuwasiyanitsa. Makanika ndiye amasamala cikepe kawirikawiri: amathira mafuta, amamanga zomasuka, amasintha zakutha. Woyendera amabwera kudzaweruza ngati cikepeco ciri coyenera kunyamula anthu. Nkwabwino kuti woyendera asakhale munthu yemweyo amene amakonza, pa cifukwa comwe wophunzira sacongera yekha mayeso ace. M'dziko lathu, lamulo la Factories Act la 1966 linalamula kuti cikepe ca m'malo a nchito amene lamulolo limakhudza ciziyenderedwa mosamala ndi munthu wodziwa nchitoyo kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi iriyonse. Ku Britain, malamulo a 1998 amaikanso miyezi isanu ndi umodzi pa zikepe zonyamula anthu, ndi miyezi 12 pa zonyamula katundu yekha.

Woyendera amayamba ndi kuwerenga buku la cikepe, mmene munalembedwa zonse zimene zinaonongekapo ndi zimene zinakonzedwa. Kenaka amapita kumene kuli mota. Amaona ngati zikopa za mabuleki zatha, ngati mafuta akudontha, ndiponso ngati tingalande ta m'gudumu tadyeka. Tingalande tikadyeka mosiyana, zingwe zina zimanyamula katundu wambiri kuposa zinzace, ndipo zimatha msanga.

Akacoka kumeneko amakwera padenga pa kacipinda, kumene kuli mabatani oyendetsera cikepe pang'onopang'ono. Ali pamenepo amayang'ana zingwe m'litali mwace monse. Amawerenga timawaya toduka. Amapima kunenepa kwa cingwe, cifukwa cingwe cimene caonda cadyeka. Amafunafuna fumbi lofiira pakati pa mawaya, limene limasonyeza kuti cingwe cauma mkati ndipo mawaya akupekesana. Amaonanso mfundo zimene zingwe zamangidwira ku kacipinda ndi ku mulu wa zitsulo.

Pa nsanja iriyonse amayesa loko wa citseko. Nchito imeneyi ndi yotopetsa, makamaka m'nyumba ya nsanja zambiri, koma sayenera kulumpha ngakhale citseko cimodzi. Zingwe zonse kudukira pamodzi ndi cinthu cosowa kwambiri. Ngozi zimene zimacitikadi kawirikawiri ndi za pakhomo: munthu kugwera m'dzenje citseko citatseguka kacipinda palibe, kupanidwa ndi citseko, kapena kupunthwa cifukwa kacipinda kaima mosalingana ndi pansi. Malamulo a EN 81 amalola kusiyana kwa mamilimita 10 okha pamene cikepe caima, ndiye kuti sentimita imodzi ya pa rula yanu.

Pomaliza amatsikira pansi pa dzenje. Amaona ngati muli madzi kapena zinyalala zimene zingagwire moto, ndi ngati zofewetsa ziri ndi mafuta okwanira. Amalizanso belu la ngozi ndi kuona ngati nyali yothandiza pamene magetsi azima ikuyaka.

Kuyesa ndi katundu

Kuyang'ana ndi maso sikukwanira. Cikepe catsopano cisananyamule munthu, ndiponso pamene mbali zace zazikulu zasinthidwa, cimayesedwa ndi katundu. M'kacipinda kalikonse muli cikwangwani conena kuculuka kwa anthu ndi makilogalamu amene cikepe cinganyamule. Opanga zikepe amawerengera munthu mmodzi makilogalamu 75, motero cikepe ca makilogalamu 1,000 cimalembedwa kuti ndi ca anthu 13.

Poyesa, amisiri amalowetsamo zitsulo zopimidwa kale, zolemera kuposa muyeso wa pa cikwangwani ndi magawo 25 pa 100. M'cikepe ca makilogalamu 1,000 amaikamo makilogalamu 1,250, kulemera kofanana ndi matumba 25 a simenti. Munthu sakhalamo. Cikepe cikutsika ndi katundu ameneyu, amadula magetsi dala kuti aone ngati mabuleki okha angaciimitse ndiponso ngati zingwe sizikuterereka pa gudumu. Kenaka amacititsa gavana kugwira, kuti zitsulo za kunsi zilume njanji. Cikepe cikaima, amapita kukaona zipsera zimene zatsala pa njanji. Zipsera za mbali ziwiri ziyenera kufanana. Ngati mbali imodzi yaluma kwambiri kuposa inzace, kacipinda kangapendekeke pa ngozi yeniyeni.

Gavana nayenso amapimidwa ndi cipangizo cowerenga liwiro. Asafulumire kugwira, cifukwa akatero adzaimitsa cikepe pacabe anthu ali mkati. Malamulo a EN 81 amati asagwire cikepe cisanapyole liwiro lace ndi magawo 15 pa 100. Asacedwenso, cifukwa pamenepo nchito yace yatha. Amayesanso cipangizo cokana katundu wopyola muyeso, cimene cimaliza belu ndi kuletsa cikepe kunyamuka anthu akaculukitsa. Ku America, kumene buku loyamba la malamulo a zikepe linatuluka mu 1921, zikepe za zingwe zimayesedwa caka ndi caka popanda katundu, ndipo pa zaka zisanu zirizonse zimayesedwa mayeso aakulu a mabuleki ndi zitsulo zoluma njanji.

Zonse zikatha, woyendera amalemba lipoti ndi kusainapo dzina lace. Akapeza colakwika cacing'ono amaika nthawi yoti cikonzedwe. Akapeza coopsa, cikepe cimatsekedwa tsiku lomwelo, ngakhale mwini nyumba adandaule ndi anthu anyinyirike pa masitepe. Apa mpamene nchitoyi imafuna munthu wolimba mtima ndi wosalandira ciphuphu, pakuti siginecha yabodza ingathe kupha anthu amene woyenderayo sanawaonepo.

Cikepe ca mumgodi

Migodi ina ya ku Nkana, Mufulira ndi Konkola inazama kuposa kilomita imodzi. Cikepe ca mumgodi cimanyamula anthu ambiri nthawi imodzi, cimathamanga kwambiri, ndipo zingwe zace zimagwira nchito m'malo a cinyontho. Cifukwa cace kuyendera kwace kumacitika pafupipafupi kuposa kwa m'nyumba. Kumapeto kwa cingwe kumadulidwa nthawi ndi nthawi, ndipo cidutswaco cimakokedwa pa makina mpaka ciduke, kuti adziwe mphamvu imene yatsala. Palinso zipangizo za maginito zimene zimazindikira mawaya oduka mkati mwa cingwe, mmene diso silifika. Kwa zaka zambiri oyang'anira citetezo m'migodi ya m'Zambia akhala a Mines Safety Department a ku Kitwe.

Ngozi imodzi ya ku England ikutiphunzitsa cifukwa cace zonsezi ziri zofunika. Pa 30 July 1973, pa mgodi wa malasha wa Markham m'dera la Derbyshire, cikepe cinali kutsika ndi anthu 29. Woyendetsa makina anagwira buleki, koma buleki sinamve. Cikepe cinakamenya pansi, ndipo anthu 18 anafa, ena 11 anabvulala koopsa. Ofufuza anapeza kuti ndodo imodzi yacitsulo, imene mphamvu yonse ya buleki inali kudzeramo, inathyoka. Mng'alu unali kukula pang'onopang'ono m'citsuloco kwa nthawi yaitali.

Inu anyamata ndi atsikana amene mumapanga magalimoto a waya mumadziwa mmene mumadulira waya pamene mulibe pulayasi. Mumaupinda uku ndi uku pa malo amodzi mpaka uduke. Amisiri amati kumeneko ndi kutopa kwa citsulo, ndipo ndico cinacitikira ndodo ya ku Markham. Ngoziyo itacitika, mabuleki a m'migodi ya ku Britain anakonzedwanso kuti moyo wa anthu usatsamire pa citsulo cimodzi cokha, ndipo zitsulo zofunika zinayamba kupimidwa ndi zipangizo zoona ming'alu yobisika. Mtsinje wa Tinkanena unathera mu Siizi. Nzeru imene inagulidwa ndi miyoyo 18 tiyenera kuilandira popanda kulipiranso mtengo womwewo.

Gawo lanu

Woyendera amabwera masiku owerengeka pa caka, koma okwera amakhalapo tsiku lirilonse. Tsono nanunso muli ndi gawo. Citseko cikatseguka, yambani mwaona kuti kacipinda kafikadi ndipo kalingana ndi pansi, kenaka lowani. Patsani mpata otuluka, ndipo okalamba ndi odwala alowe poyamba. Werengani cikwangwani, ndipo cikepe cikadzaza dikirani ulendo wina. Musalowetse dzanja kapena phazi pa citseko cimene cikutsekeka. Musalumphelumphe mkati, cifukwa kugwedeza kotere kungaimitse cikepe pakati pa njira. Nyumba ikagwira moto, tsikirani pa masitepe.

Cikepe cikaima pakati pa nsanja ziwiri, musacite mantha. Kacipinda kali ndi mipata yolowera mpweya, ndipo mabuleki akagwira. Lizani belu, itanani, ndipo dikirani anthu odziwa nchitoyo. Musakanule citseko ndi kuyesa kutuluka nokha, cifukwa kunsi kwa kacipinda kuli dzenje, ndiponso magetsi akabwera cikepe cinganyamuke inu muli pakati pa khomo. Mukamva phokoso lacilendo kapena kuona cikepe cikuima mokwera kapena motsika, uzani mlonda wa nyumbayo kapena munthu wamkulu. Musaganize kuti wina ananena kale.

Kwa aphunzitsi

Phunziro ili lingathe kucitika ngakhale pa sukulu imene iri kutali ndi nyumba zosanja. Tengani cigubu ca ulusi, mucilowetse pa kamtengo kosalala, ndipo mukoleke cingwe cokhala ndi citini mbali iriyonse. Ana ayambe kukweza citini ca mcenga cinzace ciri copanda kanthu, kenaka athire mcenga m'caciwirico ndi kukwezanso. Afotokoze okha kusiyana kumene amva m'manja mwao.

Pambuyo pace mangani ulusi pa nthambi yaifupi, ndi citini kunsi kwace. Ana aikemo timiyala tofanana kamodzikamodzi, akuwerenga, mapazi ao ali kutali, mpaka ulusi uduke. Agawe ciwerengeroco ndi 12. Yankho ndilo katundu amene ulusiwo ukanaloledwa kunyamula ukanakhala cingwe ca cikepe. Abwerezenso ndi ulusi umene wakhuzidwa pang'ono pa mwala, ndipo ayerekeze mayankho awiriwo.

Mafunso oti ana ayankhe m'mabuku mwao:

1. Kodi ncifukwa ciani cingwe ca waya ciri cabwino kuposa unyolo pa nchito ya cikepe?
2. Kodi cimacitika nciani kwa mabuleki magetsi akazima?
3. Cikepe cina cimaloledwa kunyamula makilogalamu 800. Kodi amisiri adzaikamo makilogalamu angati pociyesa?
4. Kacipinda kopanda munthu kakulemera makilogalamu 1,200, ndipo cikepeco cimanyamula makilogalamu 1,000. Kodi mulu wa zitsulo udzalemera pafupifupi makilogalamu angati?
5. Kodi ncifukwa ciani makanika sayenera kukhala woyendera wa nchito yace yomwe?
6. Chulani zinthu zina za pa sukulu panu kapena m'mudzi mwanu, monga cingwe ca pa citsime, mabuleki a njinga kapena mlatho wa mitengo, zimene ziyenera kuyenderedwa zisanaonongeke. Kodi ndani amaziyendera, ndipo anaziyendera liti komaliza?

Funso lotsirizali likambidwe ndi kalasi lonse, ndipo zimene ana apeze zikaperekedwe kwa mphunzitsi wamkulu.